Matumba anali omwewo, kwacha ndiyo inachepa

Mzere wa pakhoma

Mukadzalowa mu shopu yanga ya hadiweya pa Dwangwa, mudzayang'ane khoma la kumanzere, kuseri kwa malata. Pali mzere wofiirira wofika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Mnyamata wanga wa pashopu wandipempha katatu konse kuti aupake penti, ine ndimangoti usiye. Pamenepo ndi pamene madzi analekezera kumapeto kwa Febuluwale 2024, mtsinje wa Dwangwa utasefukira.

Za usiku umenewo sindinena zambiri. A kuno mukuzidziwa kuposa ine. Ena munagona m'makalasi masabata angapo, ena munaika maliro. Ine ndinangotaya katundu, ndipo ndimachita manyazi kudandaula pamaso pa anthu amene anataya abale awo.

Koma pali chimene chikukana kundichoka m'mutu, ndipo si madziwo ayi. Ndi masana a tsiku lina m'Malichi, pamene bambo wina wovala magambutsi, wotumidwa ndi kampani ya inshuwalansi, anakhala pa ndowa yovundikira pakati pa shopu, n'kundiwerengera masamu amene mwana wa sitandade 6 akanawakhoza, koma ine, mayi wa bizinesi wa zaka khumi ndi ziwiri, ndinali ndisanawaganizirepo.

Sindinaigule mwa kufuna kwanga

Ndisadzitame. Inshuwalansi sindinaigule chifukwa cha nzeru. Mu 2021 ndinakatenga ngongole ku banki kuti ndiwonjezere simenti ndi malata, ndipo a banki anandiuza poyera kuti ndalama sizituluka ngati katunduyo alibe inshuwalansi. Anandilozera kwa ejenti wina. Iye anandifunsa funso limodzi lokha lalikulu: katundu yense wa m'shopumu ndi wa ndalama zingati? Ndinakhala pansi ndi kope langa, ndinapeza K9 miliyoni. Anati ndizilipira K54,000 pachaka, ya moto ndi ngozi zina zoyendera limodzi ndi moto, monga mphepo ndi madzi osefukira. Mawu a madziwo sindinawamve n'komwe. Maganizo anga anali pa ndalama ya ngongole.

Ndinalipira mtima ukuwawa, ngati mmene timalipirira chiphaso cha msika. Mayi anga atamva anagwira pakamwa. "Mwananga, ukulipirira moto umene sunayake? Kumeneko n'kudziitanira tsoka." Sindinawatsutse, chifukwa theka la mtima wanga linkagwirizana nawo.

Epulo aliyense foni inkalira. "Mayi, nthawi yakwana. Tikonzenso monga mwa chaka chatha?" Ine ndili kalikiliki ndi makasitomala, foni ili pakati pa khutu ndi phewa, ndinkangoti, "Eya, monga mwa chaka chatha." N'kutumiza ndalama. Mu 2022 zinatero. Mu 2023 chimodzimodzi.

Pakati pa mafoni amenewa dziko silinaime. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Pa 9 Novembala 2023 Reserve Bank inaigwetsanso ndi 44 peresenti, dola imene inali pa K1,180 n'kudzuka ili pa K1,700. Sabata imeneyo ndinafufuta bolodi la mitengo pakhomo pa shopu katatu. Ndinaimbira ondigulitsa katundu ku Lilongwe m'mawa uliwonse kufunsa mtengo watsopano wa penti ndi mawaya. Aliyense wofunika ndinamuimbira. Ejenti yekhayo sanandibwerere m'mutu, ndipo chipepala cha inshuwalansi chinali chigonere mu sutikesi kunyumba, chikunenabe K9 miliyoni ya mu 2021.

Bambo wa magambutsi

Madzi ataphwa ndinaimbira foni a inshuwalansi tsiku lomwelo, ndipo apo ndinachita bwino, chifukwa mapepala amenewa amafuna kuti uwadziwitse msanga. Anandiuza kuti ndijambule zonse ndipo ndisataye kanthu mpaka wodzawerengera zowonongeka atafika. Choncho kwa masabata awiri ndinakhala ndi fungo la matope ndi feteleza wosungunuka, anthu akudutsa n'kumafunsa chimene ndikusungira zinyalala.

Anabwera Lachitatu. Munthu wodekha, wosathamanga polankhula. Anayamba ndi kufunsa kope la sitoko.

Kope linali phala. Malisiti ndinkasunga m'chitini cha mabisiketi pansi pa kauntala, ndipo anali atamatana kukhala chigumu chimodzi. Chimene chinandipulumutsa ndi mwana wanga wamkazi wa ku Lilongwe. Iye ndi amene amandiyang'anira maakaunti, ndiye anali atandizoloweza kumujambulira invoisi iliyonse pa WhatsApp katundu akangotsika. Ndinkachita monyinyirika, ndikumati mwanayu akundilonda. Tsikulo anatumiza zithunzi zonse, za miyezi isanu ndi itatu, ndipo bamboyo anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Mayi, ambiri amagwera pamenepa. Inu mwadutsa."

Tinayamba kuwerenga. Simenti inali itauma ngati miyala, mizere inayi ya pansi yonse. Laimu yemwenso. Feteleza anatsala matumba okhaokha. Mabodi a siling'i anafufuma, maswichi ndi masoketi anadzaza matope, misomali inagwirana ndi dzimbiri. Malata ndi mapaipi anati amenewo n'kungotsuka, ndipo sindinakane. Pamapeto anati zowonongeka ndi K10 miliyoni pa mitengo ya tsiku la madzilo.

Mumtima ndinawerengera msanga. Ndataya khumi, inshuwalansi yanga ndi ya zisanu ndi zinayi, ndiye andipatsa zisanu ndi zinayi, imodziyo ndipirira. Ndinapuma. Ndinatuma mnyamata akagule Sobo ndi mabanzi.

Kenako anati, "Tsopano tiwerenge zimene zinapulumuka."

Sindinadziwe chifukwa chake, koma ndinasangalala. Ndinkafuna aone kuti shopu imeneyi si kaokala. Atamaliza mashelefu a m'munsi ine ndemwe ndinamukumbutsa. "Bambo, mwaiwala penti ali pamwamba apo. Ndiponso kuseri kuli mawilibala asanu ndi limodzi, ndi mageti awiri." Anandiyang'ana kanthawi, ngati akufuna kunena kanthu, koma anangolemba. Zonse pamodzi, zowonongeka ndi zotsala, zinakwana K15 miliyoni. Ndinamva kukoma. Sindinkadziwa kuti ndine mayi wa K15 miliyoni.

Apa ndi pamene anakokera ndowa ija n'kukhala pansi.

"Mayi, khalani pansi nanunso. Katundu wanu ndi wa 15. Inu munauza kampani kuti ndi wa 9, ndipo mwakhala mukulipirira 9. Ndiye kuti pa matumba asanu alionse m'shopu muno, atatu munasungitsa ku kampani, awiri munadzisungira nokha."

"Koma bambo, ine sindinabise kanthu. Matumba ndi omwewo. Sindinawonjezere ngakhale shelefu imodzi."

"Ndikukukhulupirirani. Matumba ndi omwewo, koma mtengo wake si womwewo. Ndipo madzi polowa sanasankhe kuti ili ndi thumba la kampani, ili ndi la mayi. Ananyowetsa onse mofanana. Ndiye pa K10 miliyoni yowonongekayi, kampani ilipira magawo atatu mwa asanu."

Anandionetsa pa foni yake. K6 miliyoni.

"M'chipepala chanu lamulo limeneli analilemba kuti average. Lili m'mapepala pafupifupi onse a katundu."

Sanathere pomwepo. Panali china chotchedwa excess, gawo loyamba la chiwonongeko limene mwini amasenza yekha nthawi zonse. Mwa ine linali 10 peresenti ya ndalama yolipidwayo, K600,000. Inatsala K5.4 miliyoni. Ndipo poti inshuwalansiyo inabwera ndi ngongole, dzina la banki linali pa chipepalacho, kutanthauza kuti banki iyamba yatenga zake. Ngongole inali itatsala K2 miliyoni.

Mnyamata anafika ndi Sobo uja ine ndikuyang'ana nambala yomaliza, K3.4 miliyoni. Sindikumbukira ngati ndinamwa.

Ndinafuna kukasuma

Usiku umenewo ndinaimbira mwana wanga ndikutukwana. Ndinati anthuwa ndi akuba ovala tayi, mayi anga ananena. Ndinali nditamva kuti makampani a inshuwalansi amayang'aniridwa ndi Reserve Bank, kuti Gavanala wa bankiyo ndiyenso Registrar of Financial Institutions, ndipo munthu ukalephera kumvana ndi kampani ukhoza kukadandaula kumeneko. Zimenezo n'zoona, ndipo amene mwaponderezedwadi musaope kupitako. Ndinamuuza mwanayo kuti alembe kalata mawa lomwe.

Iye anati, "Amayi, tajambulani kaye chipepalacho, masamba onse."

Ndinachitulutsa mu sutikesi. Chinali chikadali mu envelopu yake, chosapindika ngakhale pangodya. Patatha ola anandiimbira n'kundiwerengera ndime ija pang'onopang'ono, akumasulira m'Chichewa. Inali momwemo, mmene bambo uja ananenera, ndipo pansi pake panali siginecha yanga.

Kalata sitinalembe. Koma mpaka lero ndimaona kuti mlanduwu tinagawana. Munthu amene ntchito yake ndi inshuwalansi, amene akudziwa kuti kwacha yagwa, sayenera kufunsa mayi wa hadiweya kuti "monga mwa chaka chatha?" Ayenera kufunsa kuti simenti mukugula zingati lero. Funso lake linali laulesi. Yankho langanso linali laulesi, ndipo katundu anali wanga, osati wake. Safunsa anadya phula.

Chimene chinandipweteka koposa ndi masamu amene mwana wanga anachita pambuyo pake. Kuti chipepala chinene K15 miliyoni, ndikanalipira K90,000 pachaka m'malo mwa K54,000. Kusiyana kwake K36,000. Ndikanatero, kampani ikanalipira K9 miliyoni itachotsa excess, osati K5.4 miliyoni. Ndinapulumutsa K36,000 n'kutaya K3.6 miliyoni. Ndipo sikuti ndinkayenera kudikira Epulo. Sabata ija ndinkafufuta bolodi katatu, foni imodzi ikanakwana kuti akweze nambalayo pakati pa chaka, ine n'kulipira kachidutswa ka miyezi yotsalayo.

Thumba la gulu linauma tsiku limodzi

Ndalama ya kampani inafika mu Juni. Kuyambira Malichi mpaka Juni munthu umafunika kudya, lendi ya shopu siidikira, anyamata awiri akuyang'ana kwa iwe.

Ndinathamangira kumene tonse timathamangira, ku banki m'khonde. Gulu lathu ndi la amayi 22, takhala limodzi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo sindidzalinyoza. Linandiikira maliro a bambo a ana anga. Linalipirira mwana wanga uja fizi ya chaka chomaliza. Tili ndi kathumba ka zadzidzidzi kamene aliyense amaponyamo sabata iliyonse, ndipo nthawi zonse kankakwana, chifukwa mavuto ankabwera kwa mmodzi mmodzi. Mwezi uno wadwala uyu, mwezi wamawa nyumba ya uje yasasuka denga.

Tsiku limene tinakumana madzi ataphwa, pa amayi 22 panali 17 ofuna thandizo. Amene anali ndi ngongole za gulu analibe pobwezera, poti mpunga wawo unakokoloka, makala ananyowa, nsomba zouma zinaola. Msungichuma anatsegula bokosi n'kuyamba kulira. Tinagawana zimene zinalimo, aliyense anapeza ya ufa wa masabata awiri.

Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa chimene ndinkagula ndi K54,000 ija. Gulu lathu tonse timamwa mtsinje umodzi, ndiye ukasefukira umatinyowetsa tonse tsiku limodzi. Kampani ija imatolera ndalama kwa wa sitolo wa ku Limbe, wa chigayo wa ku Mzimba, wa golosale wa ku Mchinji, anthu amene usiku umenewo anagona pouma. K5.4 miliyoni imene inalipidwa pa dzina langa inachokera kwa anthu amene sindidzawaona. Inali yochepa, inde, koma inabwera, ndipo ngongole ya banki inathera pomwepo.

Mnzanga wa golosale woyandikana nane analibe chipepala chilichonse. Anapita kwa wakatapila, anatenga K400,000 yoti abweze K600,000 pakutha pa mwezi. Anabweza mwezi woyamba potenga kwa wakatapila wina. Mu Ogasiti anagulitsa firiji. Pano malo ake pali wometa. Mvula ikakuona litsiro siikata.

Mmene ndimachitira pano

Sindinasanduke mlangizi wa zachuma, ndikadali wogulitsa misomali. Koma zina zinasintha.

Chachikulu n'chakuti nambala ya pa chipepala ndimaitenga ngati mtengo wa pa bolodi. Ikakalamba ndimaifufuta. Miyezi itatu iliyonse timatseka shopu Loweruka masana n'kuwerenga katundu yense, ndipo sindiwerengera mtengo umene ndinagulira, ndimawerengera umene ndingagulire lero nditapita ku Lilongwe, kuphatikiza thiransipoti. Ndimayang'ananso nyengo. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala, anthu akagulitsa mpunga ndipo a nzimbe akalandira, aliyense amamanga, shopu imadzaza mpaka kudenga. Nambala iyenera kukwana katundu wa nthawi yodzazayo, osati wa mu Januwale pamene mashelefu ali pululu. Ndikamva pa wailesi kuti kwacha yagwedezeka, ejenti ndi munthu wachiwiri kumuimbira, akangotha wa simenti.

Ejentiyo ndinasintha. Watsopanoyu ndisanamupatse tambala ndinamufunsa chiphaso chake, chifukwa aliyense wogulitsa inshuwalansi amayenera kukhala wovomerezedwa ndi Reserve Bank, ndipo lisiti ndimafuna la kampani yeniyeniyo, osati kakalata kolemba pamanja. Ndinamukhazika pa ndowa yomwe ija maola awiri. Ndinamuuza kuti andiuze zimene chipepalachi sichilipira, zimene chimalipirazo ndaziona kale. Ndi mmene ndinadziwira kuti akuba akathyola usiku, chipepala cha moto ndi madzi sichikhudzidwa, imeneyo ndi inshuwalansi ina yapadera. Ndalama za m'kabati nazonso n'zapadera. Nyumbayi ndi ya alandilodi, ikagwa ndi nkhani yawo, koma mashelefu ndi kauntala ndi zanga ndipo sizinali pa chipepala chakale chija. Zaka zitatu ndinkangoganiza kuti zilipo.

Za kagalimoto kanga ndinene mwachidule, chifukwa zimandichititsa manyazi. Kanali ndi third party yokha, ija lamulo la pamsewu limakakamiza. Injini itamwa madzi ndinaimba foni ndi chidaliro chonse. Anandikumbutsa mwaulemu kuti imeneyo imalipira munthu amene ndamugunda kapena katundu wake, osati galimoto langa. Chomata cha pagalasi chija ambiri timachiona ngati chotchingira apolisi basi, osadziwa chimene tagula.

China chimene ndinaphunzira pa miyezi itatu yodikira ija ndi chakuti inshuwalansi siithamanga. Pano ndili ndi akaunti ina imene sindiikhudza, mmene ndimaponyamo kenakake Lolemba lililonse, cholinga chikhale ndalama ya lendi ndi malipiro a anyamata ya miyezi itatu, kuwonjezapo ya excess ija. Sindinafikebe. Ndikudziwa kuti ndalama yogona imadyedwa ndi kukwera kwa mitengo, ndipo zimandiwawa kuiona ili phee pamene ikanakhala malata. Koma malata sungalipire nawo lendi shopu ili m'matope. Kuti zimenezi zitheke ndinayamba kudzilipira malipiro ngati wantchito. Kale ndinkangopisa dzanja m'kabati, ya ndiwo, ya chopereka, ya ukwati wa mwana wa achemwali, ndipo pakutha pa mwezi sindinkadziwa ngati shopu yapindula. Achibale sanakondwere nazo. Ena mpaka pano amati madzi aja anandiumitsa mtima.

Simenti pano imakhala pa nsanja ya njerwa ndi matabwa, pamwamba pa mzere uja ndi chikhatho chimodzi. Malisiti ndimajambula ndisanawaike m'chitini, ndipo chitinicho chimakhala pamwamba pa penti.

Alamu anga ndi injini yawo

Mwezi wathawu kunabwera alamu anga ochokera ku Chia. Ali ndi boti la matabwa, ukonde wa chilimira, ndi injini ya Yamaha imene amaikonda kuposa achemwali anga. Anadzagula penti ndi misomali yokonzera botilo mwera usanayambe. Ataona mzere wa pakhoma anayamba kuseka.

"Mlamu, ndiye mukulipirabe anthu aja? Anakudyerani mamiliyoni anayi, inu n'kuwawonjezeranso?"

Ndinati ndikulipirabe, ndipo chaka chino ndalipira zambiri kuposa kale.

"Ife a kunyanja inshuwalansi yathu ndi Mulungu. Injini ikamira ndigula ina. Ndimasunga, musandione chonchi."

Ndinawafunsa kuti asunga zingati. Ananditchulira monyadira, ndipo inalidi ndalama. Ndinawafunsanso kuti injini ngati yawoyo ndi zingati. Anatchula mtengo osaganiza n'komwe.

"Umenewo ndi mtengo wa liti, alamu?"

"Ndi umene ndinagulira."

"Munagula liti?"

Anayamba kuwerenga zala. Anafika pa 2021 n'kuima. Anatulutsa foni, anatuluka panja, ndinawamva akufunsa munthu wina wa ku Lilongwe. Anakhalitsa kunjako. Pobwera sanatchulenso za injini. Analipira penti, misomali anaiwala pa kauntala, ndinachita kumutuma mnyamata awathamangire nayo ku siteji.